A D.D. Phiri, Mlembi wa Mbiri ya Inkosi Gomani II

Chiyambi chawo

A Desmond Dudwa Phiri anabadwa mu 1931 m'boma la Mzimba. Anthu ankangowatchula kuti a D.D. Anaphunzira zachuma, nagwirako ntchito m'boma. Kenako anatsegula sukulu ya Aggrey Memorial ku Blantyre. Maphunziro ake ankayenda papositi. Munthu wamkulu, wa banja lake, ankalandira phunziro m'envulopu, n'kumalemba mayankho madzulo atachoka kumunda.

Buku la kwathu kuno

Ife a ku Ntcheu tili ndi chifukwa chathuchathu chowakumbukira. Mu 1973 a D.D. anatulutsa buku la moyo wa Inkosi Philip Gomani II, mfumu yaikulu ya Angoni a Maseko ku Lizulu.

Bambo a mfumuyi, Gomani I, anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896. Pamenepo Philip anali mwana wamng'ono. Atakula analowa ufumu.

Mu 1953 atsamunda anakakamiza dziko lathu kulowa m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Inkosi Gomani anakanitsitsa. Anauza anthu awo kuti asamvere malamulo a boma a zaulimi. Boma linawachotsa paufumu, ndipo apolisi anafika ku Lizulu kudzawagwira, iwo ali odwala. Inkosi Gomani anawolokera ku Mozambique limodzi ndi m'busa Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza. Anamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo, kutali ndi kwawo.

Nkhaniyi agogo athu ankaikamba pamoto. Ambiri a iwo anatsogola kale, koma bukulo lilipo. Chondipweteka n'chakuti lili m'Chingerezi, ndipo adzukulu ambiri a anthu amene anaona zimenezi sanaliwerengepo.

Ena amene anawalemba

A D.D. analembanso za John Chilembwe, Dunduzu Chisiza, James Sangala, Charles Chinula ndi Clements Kadalie. Analemba mbiri ya Malawi m'mabuku awiri. Kwa zaka zambiri nkhani zawo zinkatuluka m'nyuzipepala ya The Nation sabata ndi sabata.

Ulemu umene analandira

Yunivesite ya Malawi inawapatsa digiri yaulemu ya udokotala. Mu 2011 bungwe la alembi a mu Africa, Pan African Writers' Association, linawatchula pakati pa alembi otsogola a mu Africa muno.

Cholembera sanachitule ngakhale atakalamba. Anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 88.