Kuchokera kwa Chilembwe mpaka ku Mfuwe: mbiri ya sukulu ya kunja

Pa bwalo la ndege la Mfuwe, m'boma la Mambwe, otsika ndege yochokera ku Lusaka ambiri ndi alendo odzaona njovu, mikango ndi anyalugwe m'nkhalango ya South Luangwa. Mwana wa m'chigwa cha Luangwa amene wapeza malo ku yunivesite ya kunja sakwera kawirikawiri pamenepa, pakuti mtengo wa tikiti ndi wa alendo. Iye amakwera galimoto mpaka ku Chipata, n'kulowa basi ya mumsewu wa Great East, ndege n'kukaipeza ku Lusaka. Pakhomo pamakhala chisangalalo tsiku lonyamuka, ngati kuti ntchito yatha. Koma mbiri ya maphunziro a kunja m'dera lathu lino imasonyeza kuti phindu la ulendowu limaoneka pobwerera, ndiponso kuti wobwererayo amafunika kupeza pofikira.

Woyamba kudziwika bwino ndi John Chilembwe wa ku Chiradzulu, amene anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, nakaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mu mzinda wa Lynchburg. Mu 1900 anali atabwera kale, ndipo anayambitsa mishoni ya Providence Industrial ku Mbombwe. Daniel Malekebu, amene anakulira pa mishoni yomweyo, anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917, koma anadzatsegulanso mishoniyo mu 1926, chifukwa boma la atsamunda linali likukayikirabe aliyense wokhudzana ndi Chilembwe kuyambira kuukira kwake kwa 1915. Digiri inalipo, khomo ndilo linali lotseka. Kamuzu Banda anadutsa ku Meharry komweko mu 1937, napitiriza ku Edinburgh, koma odwala amene anawachiritsa zaka zambiri anali a ku Britain ndi a ku Ghana, ndipo kwawo anadzafika mu 1958 kudzachita ndale. Legson Kayira anauyamba wapansi chaka chomwecho, nayenda mpaka ku Khartoum asanakwere ndege ya ku America, koma moyo wake wotsala anaukhalira ku England.

Anthu amenewa sankathawa mayunivesite a kwawo ayi, mayunivesitewo kunalibe. Atsamunda sanamange yunivesite ku Northern Rhodesia kapena ku Nyasaland. Wanzeru ankapita ku Fort Hare ku South Africa, monga Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere, kapena ku Makerere ku Uganda, monga Kanyama Chiume ndi Harry Nkumbula, ndipo kuyambira 1957 ena ankapita ku koleji ya ku Salisbury. Zambia itapata ufulu mu 1964, inali ndi anthu akuda a madigiri pafupifupi 100 okha m'dziko lonse. Mmodzi mwa achinyamata amene anabwera nthawi imeneyo anali Rupiah Banda, wa mtundu wa kum'mawa kuno, amene anaphunzira ku Addis Ababa kenako ku Lund ku Sweden. Ameneyu sanayendeyende ndi makalata ofunsira ntchito: dziko latsopano linali ndi mipando yambiri yopanda okhalapo, ndipo asanakwanitse zaka 30 anali kale kazembe ku Egypt. University of Malawi inalandira ophunzira oyamba mu 1965, ya Zambia mu 1966.

Ku Luangwa nkhaniyi inayenda njira yakeyake, chifukwa chuma cha m'chigwachi ndi nyama zakutchire. Mu 1963 anatsegula koleji ya Mweka ku Tanzania, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, kuti iphunzitse Aafirika kuyang'anira nkhalango azungu akamachoka, ndipo akuluakulu ambiri a za nyama a ku Zambia anadutsa kumeneko. Komabe kwa zaka zambiri kafukufuku wa mikango ndi njovu ankachita ndi alendo, mwana wa Akunda a m'chigwachi n'kukhala wonyamula mfuti kapena wolondola mapazi a nyama. Chitsanzo cha Thandiwe Mweetwa chimaonetsa kumene zinthu zinatembenukira. Anakulira ku Mfuwe, chidwi cha nyama anachipeza m'kalabu ya ana asukulu yoteteza zachilengedwe, anakaphunzira ku University of British Columbia ku Canada ndi ku University of Arizona ku America, ndipo anabwerera kudzafufuza za mikango ndi bungwe la Zambian Carnivore Programme, limene likulu lake lili ku Mfuwe komweko. Mu 2016 a National Geographic anamusankha kukhala mmodzi mwa ofufuza achinyamata odalirika. Amati madzi saiwala khwawa, koma khwawalo liyenera kukhala losakwiririka. Iye anapeza ntchito yogwirizana ndi zimene anaphunzira ikumudikira pakhomo.

Ena amatsutsa kuti lero mayunivesite alipo, ndipo Copperbelt University imaphunzitsanso kasamalidwe ka nyama zakutchire, ndiye kunja kukatani? Pa digiri yoyamba akunena zoona ndithu, ndipo makolo ogulitsa ng'ombe kuti mwana akaphunzire kunja zimene akanaphunzira ku Kitwe kapena ku Zomba akungogula dzina. Koma maphunziro apamwamba ofuna malabotale ndi zida zodula akadali ochepa kuno, ndipo kukana kutumiza anthu kunja kungangopangitsa kuti alendo apitirize kutiuza za mikango yathu. Enanso amati opita sabwera, ndiye tikuphunzitsira mayiko olemera. Izi n'zoona pa madokotala ndi anamwino ambiri, koma kumangirira munthu ndi chikalata cha pangano sikumusunga ngati pa chipatala palibe mankhwala ndipo malipiro sakwana mwezi. Chotsutsa chimene chimaluma kwambiri ndi cha chitetezo. Mu 2022 boma la Zambia linalengeza kuti mnyamata wina amene linamutumiza kukaphunzira ku Moscow anafera kunkhondo ya ku Ukraine, atatengedwa m'ndende. Boma likatumiza mwana, ofesi ya kazembe iyenera kudziwa kumene akugona.

Choncho a nduna ndi mabungwe opereka thandizo la maphunziro asamatiwerengere okwera ndege okha. Atiuzenso kuti mwa amene anatumizidwa zaka khumi zapitazo ndi angati akugwira ntchito ku Mambwe, ku Lundazi kapena ku Petauke, ndipo mpando wa wophunzira aliyense aukonze iye asananyamuke.