Mowa wa Khonsolo ya Durban

Durban ndi mzinda waukulu wa ku South Africa, m'chigawo chimene kale chinkatchedwa Natal. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamalo pamene madzi analowerera kumtunda napanga dziwe lalikulu lopanda mafunde. Azulu amatcha malowo eThekwini. Chifukwa cha dziwe limeneli sitima zapamadzi zimakocheza bwino, ndipo doko la Durban linasanduka khomo lolowera katundu wopita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg.

Mzinda suyenda wokha. Pafunika anthu okonza misewu, obweretsa madzi akumwa, otaya zinyalala, oyatsa nyale usiku ndi olonda mtendere. Ntchito zimenezi zimakhala m'manja mwa khonsolo, ndilo bungwe la anthu osankhidwa kuti ayang'anire mzinda. Durban inalandira khonsolo yake m'chaka cha 1854, ndipo meya woyamba anali George Cato. Khonsoloyo inali yakhama ndithu, ndiponso yodziwa malonda. Inali ndi apolisi akeake. Inakoka madzi ku mitsinje ya Umlaas ndi Umgeni, inagulitsa magetsi, inayendetsa misika ndi matelefoni, ndipo kuyambira 1902 ngolo zake za magetsi zinkanyamula anthu pa njanji za m'misewu. Mu 1910 inatsegula nyumba yake yaikulu ya misonkhano imene ilipo kufikira lero.

Ndalama zoyendetsera zonsezi zinkachokera makamaka ku msonkho wa nyumba ndi malo. Okhoma msonkhowo, amenenso ankasankha makhansala, ambiri anali Azungu. Iwo ankafuna kuti ndalama zawo zikongoletse mbali ya mzinda imene ankakhalamo eni ake.

Anthu a Ganyu

Koma doko silikanagwira ntchito popanda mapewa a anthu akuda. Amuna zikwizikwi ankabwera kuchokera kumidzi ya Azulu ndi Ampondo. Ena ankatsitsa katundu m'sitima ndi kukweza malasha, ena ankakoka maliksho, ndizo tingolo tamawilo awiri tonyamula anthu, ena ankachapa zovala ndi kuphika m'nyumba za Azungu. Ambiri a padoko anali a ganyu, olembedwa m'mawa ndi kulipidwa madzulo. Kuyambira 1874 munthu wa ganyu ankayenera kulembetsa dzina, kulipira ndalama mwezi ndi mwezi, ndi kuvala chizindikiro chachitsulo pamalo poonekera.

Anthu amenewa ankagona paliponse pamene apeza: m'makhonde a masitolo, m'makola a akavalo, m'zisakasa zakuseri kwa nyumba. Mliri wofala ndi utitiri wa makoswe utafika mu 1902, Azungu anachita mantha nayamba kudandaula kuti antchito akuda amangiridwe malo awoawo ndi kuyang'aniridwa. Apa ndi pamene panali mfundo yovuta kumasula. Nanga adzalipira ndani? Okhoma msonkho wa nyumba anakana. Olemba ntchito nawo sanafune kuonjezera malipiro. Kuika msonkho wina pamutu pa munthu wakuda kunalinso koopsa, pakuti mu 1906 msonkho wa paundi imodzi unautsa nkhondo ya Bambatha, ndipo mwazi wambiri unakhetsedwa m'dziko la Natal.

Tsono akuluakulu a mzinda anayang'ana mumtsuko wa mowa.

Lamulo la 1908

Mowa wa Azulu, umene eni ake amati utshwala, ndi wofanana ndi mowa wamasese. Amaufulula ndi chimera cha mapira. Suli chakumwa chabe. Kwa munthu wosenza matumba tsiku lonse unalinso chakudya. Kumudzi kufulula inali ntchito ya amayi, ndipo m'tauni amayi ambiri ankadyetsa ana awo ndi ndalama za mowa. Panalinso amalonda, akuda, Amwenye ndi Azungu, amene ankaugulitsa m'nyumba zodyera.

Mu 1908 Boma la Natal linakhazikitsa lamulo lopatsa makhonsolo mphamvu yofulula ndi kugulitsa mowa umenewu okha. Chaka chotsatira, mu 1909, Khonsolo ya Durban inatsegula maholo ake oyamba a mowa. Kuyambira pamenepo mayi wopezeka ndi mbiya ya mowa kunyumba kwake anali wolakwira lamulo. Apolisi ankautaya pansi, naye nkukalipa mlandu kapena kulowa m'ndende.

Holo ya mowa sinali ngati bwalo la kumudzi kumene chipanda chimazungulira ndipo akulu amamwa pang'onopang'ono akukamba milandu. Inali nyumba yaikulu ya mpanda, yolowa amuna. Munthu ankaima pamzere, kugula tikiti, kupita pomwe akutungira, kulandira mowa wake nakakhala pabenchi, apolisi a khonsolo akuyendayenda ndi ndodo. Anthu anatcha maholowo eMatsheni, ndiko kunena kuti kumiyala. Pambali pake panali matebulo amene khonsolo inkabwereketsa kwa ogulitsa nyama, fodya ndi mankhwala azitsamba, kotero kuti ngakhale malonda ang'onoang'ono a anthu akuda analowa pansi pa denga la khonsolo.

Akuluakulu ankati cholinga chawo chinali kuchepetsa kuledzera ndi kuthetsa mowa woipa. Mwina ena mwa iwo ankakhulupiriradi zimenezo. Koma wogulitsa mowa amene amadya phindu lake sangakondwere makasitomala akachepa, ndipo khonsolo inali itasanduka wogulitsa wamkulu woposa onse.

Kumene Ndalama Zinkapita

Phindu la mowa silinkasakanizidwa ndi ndalama zina za mzinda. Linkalowa m'thumba lapadera la nkhani za anthu akuda, pamodzi ndi ndalama za zitupa, za lendi ndi za milandu. Zonse zokhudza anthu akuda zinkalipidwa kuchokera m'thumba lomwelo. Chotero mzinda unapeza chimene unkafuna: antchito ambiri otsika mtengo, oyang'aniridwa bwino, popanda kukhudza khobidi la okhoma msonkho wa nyumba.

Nanga ndalamazo zinamanga chiyani? Kwakukulukulu zinamanga nyumba zogona amuna okhaokha, zazitali ngati za asilikali, monga za ku Somtseu Road ndi za kufupi ndi doko. M'menemo amuna ankagona ambirimbiri m'chipinda chimodzi, pachipata pali mlonda, ndipo mkazi kapena mwana sankaloledwa. Zinalipira akapitao, makalaliki ndi apolisi. Zinakulitsa nyumba yofululira mowa ndi kumanga maholo ena. Zina zinapita ku chipatala ndi ku sukulu, koma zinali zochepa poyerekeza ndi zinazo. Za mabanja, kwa zaka zambiri kunali mudzi umodzi wokha wa khonsolo, wotchedwa Baumannville, wa nyumba pafupifupi 120. Izi sizinangochitika mwangozi. Khonsolo inkafuna manja a mwamuna, osati banja lake. Akakalamba kapena kudwala abwerere kumudzi.

Mu 1916 khonsolo inakhazikitsa ofesi yoyang'anira anthu akuda, ndipo mkulu wake woyamba anali J. S. Marwick. Munthu ameneyu Azulu anamutcha Muhle, ndiko kuti wabwino, chifukwa mu 1899, nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi itayandikira, anatsogolera antchito pafupifupi 7,000 pa ulendo wapansi kuchoka ku Johannesburg kubwerera kwawo ku Natal. Ofesiyo inatenga dzina lake, KwaMuhle. Koma amene ankaima pamzere pamenepo sankaonapo ubwino. Mwamuna aliyense wofuna ntchito ankayenera kupitako, kuvula pamaso pa dokotala, ndi kudikira chidindo chonena ngati akhale mumzinda kapena achoke. Ndipo malipiro a kalaliki wodinda chitupacho ankachokera m'mowa umene mwamunayo anamwa Loweruka.

Njira imeneyi inatchuka kutali. Akuluakulu a mizinda ina ankabwera kudzaiphunzira, ndipo lamulo la 1923 linailoleza m'mizinda yonse ya South Africa. Inafikanso ku Bulawayo, ku Salisbury ndi ku matauni a migodi ya kopa. Amuna ambiri a ku Nyasaland amene anapita kukagwira ntchito kumeneko namwa m'mabawa a khonsolo ankamwa mwa dongosolo limene linabadwira ku Durban.

Chaka cha 1929

Anthu sanali osaona. Ankadziwa bwino kumene ndalama zawo zinkapita. M'zaka za m'ma 1920 bungwe la antchito lotchedwa ICU linakula kwambiri ku Natal, motsogozedwa ndi A. W. G. Champion. Mu 1929 antchito a padoko anayamba kunyanyala mowa wa khonsolo, ndipo kunyanyalako kunafalikira mumzinda wonse. Amuna ankaima pazipata za maholo kubweza ofuna kulowa. Pa 17 Juni gulu la Azungu linazinga nyumba ya ICU, kunabuka nkhondo, ndipo anafa anthu akuda 6 ndi Azungu 2. Ovulala anaposa 100.

Maholo anakhala pululu miyezi yambiri, thumba lija nkuyamba kuphwa. Mu Novembala chaka chomwecho Nduna ya Zachilungamo, Oswald Pirow, inabwera yokha ndi apolisi ambiri, nazinga nyumba zogona antchito usiku kufuna ziphaso za msonkho, naponya utsi wokhetsa misozi. Mu 1930 Champion anapirikitsidwa m'Natal. Komabe khonsolo inaona kuti ndodo yokha siikwanira. Inakhazikitsa komiti ya anthu akuda yopereka uphungu, ngakhale inalibe mphamvu yolamula kanthu, ndipo mu 1934 inatsegula mudzi wa mabanja wa Lamontville. Koma mowa sinautaye. Ikanautaya, ikanayenera kupempha ndalama kwa okhoma msonkho wa nyumba.

Amayi a ku Mkhumbane

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mafakitale anachuluka, ndipo anthu anakhamukira ku Durban ndi mabanja awo. Nyumba za khonsolo zinali zosakwanira mpang'ono pomwe. Tsono anthu anayamba kuchita lendi timalo kwa Amwenye eni minda kuseri kwa phiri la Berea, namanga zisakasa za malata akale ndi matabwa. Malowo m'mabuku ndi Cato Manor, dzina lochokera kwa meya woyamba uja; okhalamo ankati Mkhumbane, potengera kamtsinje ka pamenepo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 munali anthu pafupifupi 100,000.

Mipope ya madzi inali yowerengeka, zimbudzi zosakwanira, ngalande kunalibe, zinyalala zili mbwee. Koma holo ya mowa ya khonsolo inalipo. Amayi ambiri, amene lamulo silinkawapatsa ntchito kapena nyumba, ankafulula mobisa. Popeza mowa wamasese umatenga masiku ndipo fungo lake limaitana apolisi, ambiri anayamba kupanga chakumwa chaukali chopsa msanga chotchedwa shimeyane, chimene ankakwirira m'migolo pansi. Motero lamulo limene linati lidzathetsa mowa woipa ndilo linauchulukitsa.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Mu 1958 Boma linalengeza kuti Cato Manor adzakhala malo a Azungu, ndipo anthu anayamba kusamutsidwira ku KwaMashu, kutali ndi ntchito zawo. Mkazi wopanda mwamuna wa ukwati wolembedwa anali pa ngozi yosapatsidwa nyumba konse. Kenaka mu 1959 kunagwa matenda a taifodi. Khonsolo inatumiza antchito kukayeretsa malowo, ndipo poyeretsapo anafukula ndi kuboola migolo ya amayi. Holo ya khonsolo, yomwe inkagulitsa mowa tsiku ndi tsiku, palibe anaikhudza.

Pa 17 Juni 1959, zaka 30 zenizeni chichitikire nkhondo ya pa nyumba ya ICU, amayi analowa m'holo ya ku Cato Manor atanyamula ndodo. Anathamangitsa amuna amene ankamwa, nagubuduza migolo ya mowa. Dandaulo lawo linali lomveka: amuna awo ankasiya malipiro m'manja mwa khonsolo ana akugona ndi njala, pamene iwo ankamangidwa chifukwa cha ntchito yomweyo imene khonsolo inkalemera nayo. Tsiku lotsatira amayi zikwi anasonkhana, apolisi nawamenya ndi zibonga. Nyumba za khonsolo ndi mabasi zinatenthedwa, anthu ena anaomberedwa, ndipo chipolowe chinafalikira m'maholo ena ndi kumidzi ya Natal. Mmodzi wa atsogoleri a amayiwo anali Dorothy Nyembe. Mkulu wa ofesi ya KwaMuhle pa nthawiyo, S. Bourquin, anakumana nawo namva mawu awo, ndipo iye mwini anavomereza kuti muzu wa mavutowo unali umphawi ndi kuchepa kwa malipiro. Koma kusaka mowa sikunaleke. Mu Januwale 1960 apolisi amene anapita kukagwira ofulula anazingidwa ndi khamu la anthu, ndipo 9 mwa iwo anaphedwa.

Zitatero kusamutsa anthu kunafulumira. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1960 zisakasa za Mkhumbane zinali zitagwetsedwa, eni ake atamwazikira ku KwaMashu ndi ku Umlazi, kumene lendi ndi mtengo wa basi zinkadya gawo lalikulu la malipiro. Mu 1962 lamulo linalola anthu akuda kugula mowa wa Chizungu, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ulamuliro wa midzi ya anthu akuda, pamodzi ndi malonda a mowa, unachotsedwa m'manja mwa khonsolo nuperekedwa ku mabungwe a Boma.

Tsankho la m'malamulo litatha mu 1994, midzi yonse ija inalumikizidwa ndi mzinda, ndipo kuyambira chaka cha 2000 ili pansi pa khonsolo imodzi ya eThekwini, yosankhidwa ndi anthu a mitundu yonse, ya thumba limodzi. Nyumba ya KwaMuhle sinagwetsedwe. Anaisandutsa nyumba yosungiramo mbiri ya mzinda, ndipo ana a sukulu amalowa pa khomo lomwe agogo awo ankaimapo pamzere, kukaona zithunzi za maholo a mowa ndi zitupa zakale.