Mwana ndi wa Yani?

Tsiku lina m'kalasi lathu la akulu pano pa Furancungo, bambo wina anaimika dzanja. Anati: "Aphunzitsi, mwana ndinabala ndine. Nanga boma lindikakamiza bwanji kumtumiza ku sukulu pamene fodya akudikira kumunda?" Funso limeneli si la lero. Makolo athu analifunsanso. Tiyeni tione mbiri yace.

Sukulu isanabwere, mwana sanali wopanda maphunziro. Mtsikana ankaphunzira pa mtondo ndi kumunda, ndipo akatha msinkhu anamkungwi ankamlanga pa cinamwali. Mnyamata ankaphunzira kubusa, ku mphala ndi ku dambwe. Madzulo agogo ankaimba nthano ndi kuponya zirapi. Mwa Acewa, malume, amene ali mwini mbumba, anali ndi mau akulu pa ana a mlongo wace. Sukulu ya mwana inali mudzi wace.

Pambuyo pace kunafika amishoni. Mu 1909 a Dutch anatsegula mishoni ya Mphatso kwa anansi athu ku Angonia, namaphunzitsa m'Cinyanja. Mu 1922 boma la Apwitikizi linawacotsa. Makolo sanafunsidwe kanthu.

Mu 1940 Portugal anapangana ndi Vatican, ndipo mu 1941 lamulo linapereka sukulu za ana akuda m'manja mwa mishoni za Katolika, monga Lifidzi ku Angonia ndi Fonte Boa ku Tsangano. Ana a Azungu anali ndi sukulu zao za boma. Mwana wa mlimi ankaphunzira Cipwitikizi pang'ono ndi katekisimu, nalimanso munda wa mishoni. Ansembe ankaletsa gule wamkulu. Cotero makolo ambiri anabisa ana ao, poona kuti sukulu ikuwalanda mwana ndi mwambo womwe. Pamene dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, mwa anthu 100 ali onse oposa 90 sankadziwa kuwerenga.

Pa 24 Julayi 1975 Samora Machel analengeza kuti sukulu zonse, za mishoni ndi za anthu wamba, zakhala za boma. Zitseko zinatseguka kwa ana a alimi, ndipo anadzaza makalasi, ena pansi pa mitengo. Mu 1978 inayamba kampeni yoyamba yophunzitsa akulu kuwerenga m'dziko lonse. Mu 1983 lamulo linakhazikitsa dongosolo limodzi la maphunziro kucokera ku Rovuma kufikira ku Maputo. Izi zinali zabwino ndithu.

Koma tinene zoona: mau a kholo anacepanso. Boma la masiku amenewo linkatsutsa cinamwali ndi miyambo ina, nkumati ndi za mumdima. Pa 8 Marichi 1977 ophunzira a makalasi apamwamba anauzidwa kusiya zimene ankafuna, kuti akakhale aphunzitsi kapena kugwira nchito zina kumene boma lawatuma. Cilankhulo ca m'kalasi cinakhalabe Cipwitikizi cokha.

Nkhondo itafika kuno, sukulu zambiri zinaotchedwa kapena kutsekedwa. Anthu a ku Macanga ndi Tsangano anathawira ku Malawi ndi m'maiko ena. Ena mwa inu mudali ana nthawi imeneyo, ndipo ndico cifukwa cace mwagwira pensulo tsitsi litayamba kuyera. Mudzi unakuphunzitsani ulemu ndi khasu, koma sunathe kukuphunzitsani kuwerenga sikelo ya wogula fodya.

Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992. Caka comweco lamulo latsopano la maphunziro linalola mipingo, magulu ndi anthu wamba kukhala ndi sukulu zao. Kuyambira 1993 kufikira 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja pamodzi ndi Cipwitikizi m'sukulu zina za cigawo cathu ca Tete. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule wamkulu monga cuma ca anthu onse. Lamulo la 2018 linati mwana ali yense aphunzire kufikira kalasi la 9, ndipo la 2019 linaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18.

Tsono tiwayankhe bwanji bambo aja? Mbiri ikutionetsa kuti pamene sukulu inatenga mwana osamva makolo, makolo anaithawa. Pamene mwana anatsala ndi mudzi wokha, anakula wosadziwa kuwerenga kalata yace. Mbali zonse ziwiri, woluza anali mwana. Mwana si katundu wa boma, ndiponso si khasu la atate wace. Ali ndi moyo wace umene ukubwera.

Udindo wa boma ndi kumanga kalasi, kutumiza mphunzitsi ndi mabuku. Udindo wa kholo ndi kulera, kulanga, ndi kuona ngati mwana akuphunziradi. Cinamwali ndi dambwe zingathe kudikira holide. Fodya angathe kuthyoledwa ndi akulu. Ndipo pa sukulu pali khonsolo m'mene makolo ali ndi mipando yao. Kumeneko ndiko kokafunsa ngati mphunzitsi sabwera, kapena ngati mwana wafika kalasi la 4 osatha kulemba dzina lace.

Kholo losawerenga limangomva za m'maluwa. Kholo lowerenga limatsegula kope la mwana ndi kudzionera lokha. Mau amene makolo athu anamanidwa, inu mukuwatenga ndi pensulo yanuyo.

Mafunso okambirana

1. Kodi inu munaphunzira ciani kwa agogo cimene sukulu siphunzitsa?

2. Cifukwa ninji makolo ena ankabisa ana ao nthawi ya atsamunda?

3. M'mudzi mwanu muli ana angati amene sapita ku sukulu? Ticitepo ciani?