Mfuti ndi Chilolezo cha Boma

Amene mudafikako ku Zomba mukuidziŵa nyumba ya Masongola, imene John Buchanan adamanga mu 1886. M'menemo ndimo mudakhala Harry Johnston kuyambira mu 1891, ndipo boma lake ndilo lidayambitsa msonkho wa mfuti kuno kwathu.

Pangano la ku Brussels la 1890 lidaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda, ati pofuna kuthetsa ukapolo. Koma lidafooketsanso mafumu monga Kawinga, amene adagonja mu 1895. Mfuti zitasoŵa m'manja mwa eni dziko, anthu a John Chilembwe adakathyola mosungira zida ku Mandala mu 1915.

Titalandira ufulu, lamulo la 1967 lidasungabe mphamvuzo m'manja mwa Boma. Wofuna mfuti, ingakhale yaing'ono ya m'thumba, amapempha chilolezo kupolisi, osati kukhoti.