Mafunso ndi Mayankho: Dzina la Kadalie Linachokera ku Chifira

FUNSO: Ku South Africa kuli banja lodziwika la a Kadalie, ndipo ena amati kwawo kwenikweni ndi kufupi ndi Chintheche. Kodi n'zoona?

YANKHO: N'zoona. Kholo la banjali ndi Clements Kadalie, Mtonga amene anabadwa mu 1896 m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi mishoni ya Bandawe, kumwera kwa Chintheche m'boma la Nkhata Bay. Bambo ake anali Musa Kadalie Muwamba, ndipo agogo ake anali mfumu Chiweyu. Kumudzi banjali limadziwika kuti a Muwamba. Kadalie linali dzina la bambo, koma mwanayo anapita nalo kunja, ndipo kumeneko linasanduka dzina la mbumba yonse.

Mishoni ya Bandawe inakhazikika mu 1881, pamene Dr Robert Laws anasamutsira ntchito ya Livingstonia kumeneko kuchoka ku Cape Maclear. Atonga analandira sukulu ndi manja awiri. Clements anakaphunzira ku Livingstonia, ku Khondowe, ndipo anatulukako ali mphunzitsi wodziwa bwino Chingerezi. Koma malipiro a mphunzitsi wachikuda masiku amenewo anali ochepa kwambiri, choncho mu 1915 anatsata njira imene anyamata ambiri a m'mphepete mwa nyanja ankatsata. Anagwira ntchito ya ukalaliki ku Mozambique ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, mpaka anafika ku Cape Town mu 1918.

FUNSO: Nanga anatchuka ndi chiyani?

YANKHO: Mu Januwale 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito lotchedwa Industrial and Commercial Workers' Union, kapena kuti ICU. Linayamba ndi anthu 24 okha, ambiri mwa iwo onyamula katundu padoko. Mu Disembala chaka chomwecho anthu apadoko ananyanyala ntchito kwa milungu iwiri, ndipo dzina la Kadalie linamveka dziko lonse. Mu 1920 boma linalamula kuti athamangitsidwe m'dzikomo, koma lamulolo linachotsedwa asanachoke.

Likulu la bungweli linasamukira ku Johannesburg, ndipo linali ndi nyuzipepala yakeyake, The Workers' Herald. Pofika 1927 mamembala anali pafupifupi 100,000, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'mafamu a azungu, anthu amene ankathamangitsidwa paminda ndi ziweto zawo popanda wowalankhulira. Nthawi imeneyo ICU inali yaikulu kuposa African National Congress. Chaka chomwecho Kadalie anapita ku Geneva ndi ku Britain kukadandaula za mavuto a antchito achikuda. Mawu ake anafikanso ku America kudzera m'magazini ya The Messenger ya ku New York, imene ankayendetsa A. Philip Randolph. Zonsezi ankachita munthu wobwera, amene pamisonkhano ankalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira m'zinenero za kumeneko.

Bungweli silinakhalitse pachimake. Kusayenda bwino kwa ndalama ndi mikangano ya atsogoleri zinaligawa. Mmodzi wa atsogoleriwo, A.W.G. Champion, anachoka ndi nthambi ya ku Natal mu 1928, ndipo mu 1929 Kadalie mwini anatuluka n'kuyambitsa Independent ICU. Anakhazikika ku East London, kumene anatsogolera kunyanyala ntchito mu 1930 ndipo anamangidwa. Anamwalira mumzindawo mu Novembala 1951. Buku la mbiri ya moyo wake, My Life and the ICU, linasindikizidwa mu 1970.

FUNSO: Mbumba yake ili kuti?

YANKHO: Kadalie anali mmodzi wa matchona, anthu amene anakwatira kunja n'kukhazikika konko. Mkazi wake woyamba anali Molly Davidson wa ku Cape Town, wachiwiri anali Eva Moorhead. Mwana wake wina, Fenner Kadalie, anali m'busa ku District Six, dera la Cape Town limene boma la tsankho linalamula mu 1966 kuti likhale la azungu okha, kenako n'kuligwetsa. Mwana wa Fenner, Rhoda Kadalie, anabadwira m'deralo mu 1953. Anaphunzitsa pa University of the Western Cape, ndipo m'nthawi ya ulamuliro wa Nelson Mandela anasankhidwa kukhala mmodzi wa makomishonala a bungwe loona za ufulu wa anthu. Anamwalira mu 2022 ku Los Angeles, ku America.

Motero m'mibadwo itatu yokha dzinali linayenda kuchoka ku Chifira, kudutsa ku Cape Town, mpaka ku California. Ku South Africa Clements Kadalie amawerengedwa pakati pa amene anayala maziko a mabungwe a antchito achikuda, koma kuno kwawo ana ambiri amamaliza sukulu osamva dzina lake. Aphunzitsi a ku Bandawe, Chintheche ndi Kande ayenera kuwauza ana kuti munthu ameneyu anabadwira m'dera lawo.