Pamene akatswiri anayesa kusungunula yureniyamu m'chitsulo

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndati tikambeko za kafukufuku amene sanaphule kanthu. M'kalasi timakonda kuphunzitsa zokhazo zimene zinatheka, koma zolephereka nazo zili ndi phunziro lake.

Ng'anjo zambiri za nyukiliya, zimene pa Chingerezi amati reactor, zimagwiritsa ntchito yureniyamu youma yoikidwa m'timachubu tachitsulo. Vuto lake ndi lakuti maatomu akamagawika amasiya zinyalala momwemo, monga phulusa pamoto, ndipo zinyalalazo zimafooketsa motowo mpaka ng'anjo iimitsidwe kuti asinthe timachubuto. Tsono m'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku Brookhaven National Laboratory, ku New York m'dziko la America, anaganiza zosungunula yureniyamuyo m'chitsulo china chotchedwa bismuth, chimene chimasungunuka pa madigiri 271 okha. Chitsulo chamadzimadzichi chizizungulira m'mapaipi, chizinyamula kutentha, ndipo zinyalala azichotsa makina ali chiyendere. Ubwino wina unali wakuti madziwo akatentha kwambiri amafufuma, maatomu n'kutalikirana, moto n'kuchepa wokha.

Papepala zinali bwino ndithu. Koma bismuth imangolandira yureniyamu yochepa zedi. Choipa kwambiri, imadya chitsulo cha mapaipi pamalo otentha n'kukachiunjika pamalo ozizirirapo, mpaka paipi kutsekeka. Anayesa kuthiramo zirconium ndi magnesium kuti achepetse vutoli. Komanso bismuth ikawombedwa ndi ma neutron imabala polonium-210, poizoni woopsa kwabasi. Mu 1959 gulu la akatswiri losankhidwa ndi Atomic Energy Commission linayerekeza mitundu itatu ya ng'anjo zogwiritsa ntchito zamadzimadzi, ndipo linapeza kuti ya mchere wosungunuka ndi imene inali ndi mwayi waukulu wotheka. Ntchito ya ku Brookhaven inazilala osamanga ng'anjo yeniyeniyo, pamene ya mchere inamangidwa ku Oak Ridge n'kugwira ntchito kuyambira 1965 mpaka 1969.

Ku Los Alamos, m'chigawo cha New Mexico, anatenga njira ina. Anasakaniza plutonium ndi ayironi, msanganizo umene umasungunuka pa madigiri pafupifupi 410, n'kuutsekera m'timakapisozi ta chitsulo cholimba chotchedwa tantalum, kunja kukuyenda sodium yochotsa kutentha. Ng'anjo imeneyi, LAMPRE, inayaka mu 1961 ndipo inkapereka kutentha kwa megawati imodzi mpaka 1963. Kumenekonso nkhawa yaikulu inali yomweyo, yoti plutonium yosungunuka ingaboole chotengera chake.

Chimene ndikuona ine ndi chakuti masamu a maatomu sanawagwiritse mwala akatswiriwa. Chinawavuta ndi mphika wophikiramo. Mutu uja wa zitsulo ndi dzimbiri, umene ana amaodzera nawo masana, ndi umene unagwetsa kafukufuku wa ndalama zankhaninkhani.

Nkhaniyi sinathere pomwepo ayi. Mu September 2023 boma la Rwanda linasainirana mgwirizano ndi kampani ya Dual Fluid, ya ku Canada ndi Germany, wofuna kumanga ng'anjo yoyesera ya chitsulo chosungunuka, yoziziritsidwa ndi mtovu. Ndiye inu amene munakhala mainjiniya ndi atolankhani, mukamva nkhani zotere muno mu Africa, musangoombera m'manja kapena kungochita mantha. Funsani kuti mapaipiwo awapanga ndi chiyani, ndipo awayesa kwa zaka zingati. Aphunzitsi anzanga, mundiuze ngati nkhaniyi ingathandize ana a Fomu 4.