Njerwa za Tchalitchi cha pa Mishoni ya Blantyre

Munthu wochokera kwathu kuno ku Makhuwira akafuna kupita ku Blantyre amatsata msewu wa m'tsinde mwa mapiri a Thyolo kufikira pa Thabwa, nakwera chitunda chokhotakhota chija kusiya chigwa cha Shire kumbuyo. Lero ndi ulendo wa maola owerengeka pa galimoto. M'masiku a makolo athu unali ulendo wogonera, ndipo ambiri oyendamo anali amtengatenga osenza katundu wotsika m'sitima pa doko la kwa Katunga. Kumathero a njira imeneyi kuli tchalitchi cha njerwa zootcha chotchedwa St Michael and All Angels, chimene ine ndidachiona koyamba ndili pa maphunziro a uphunzitsi. Tsiku limenelo ndidachizungulira kawiri ndisanalowe m'kati.

Mishoni ya Blantyre idayamba pa 23 Okutobala 1876. Malowo adawasankha ndi Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland, mothandizidwa ndi Tom Bokwito, mwana wa dziko lino amene adaomboledwa mu ukapolo ali mnyamata. Chiyambi chake sichidali chokoma. Amishoni oyambirira adadzisandutsa mafumu ndi oweruza milandu, namakwapula anthu ndi zikoti, mpaka mbiri yoipayo idamveka ku Scotland. Mtsogoleri wawo, Duff Macdonald, adachotsedwa, ndipo mu 1881 kudabwera mbusa wina wachinyamata, David Clement Scott, kudzakonza zimene zidaonongekazo.

Scott sadaphunzirepo ntchito ya zomangamanga, koma adakulira ku Ulaya kumene matchalitchi akalekale ali ponseponse. M'midzi ya ku England, mwachitsanzo, muli matchalitchi a miyala amene adayamba kumangidwa chitangopita chaka cha 1066, okhala ndi makoma ochindikala, mazenera aang'ono ndi makomo opindika pamwamba ngati uta. Mibadwo yotsatira inkaonjezapo yake mbali: ena nsanja ya belu kumadzulo, ena mazenera aakulu osongoka pamwamba, kotero kuti tchalitchi chimodzi chinkatenga zaka mazana angapo chikukulabe. Guwa linkakhala kum'mawa. Mbali ya guwayo ankaisamala ndi wansembe, pamene mbali yokhalamo anthu inali udindo wa eni mudzi. Pamene ntchito idayamba ku Blantyre mu 1888, Scott analibe miyala yosema, ndipo analibe ngakhale pulani yojambulidwa papepala.

Nanga nyumba yotere imangidwa bwanji popanda pulani? Apa ndi pamene pagona nkhani. Dothi lidakumbidwa pafupi pomwepo, ndipo njerwa zidaumbidwa ndi kuotchedwa ndi nkhuni pamalopo. Njerwa wamba zidali za mainchesi 12 m'litali, 6 m'lifupi ndi 3 kuchindikala, zazikulu ndithu poyerekeza ndi zimene timaumba masiku ano. Koma pofuna kumanga nsanamira zobulungira, makomo opindika ndi mizere yokongoletsa makoma, pankafunika njerwa za maonekedwe ena, ndipo mtundu uliwonse unkafuna chikombole chakechake chosemedwa pa mtengo. Amene adafufuza nyumbayi adawerenga mitundu ya njerwa pafupifupi 81. Akafika pa gawo lovuta, omangawo ankayamba asanja njerwa zouma popanda matope, naima patali kuona ngati zakhala bwino. Zikapanda kukhala ankaphwasula nayambanso. Aliyense amene adaumbapo njerwa m'chilimwe cha kuno kuchigwa akudziwa thukuta la chikombole chimodzi chokha, ndi mmene uvuni umakhumudwitsira moto ukapanda kufika pakati. Tsono taganizani zikombole 81, m'manja mwa anthu amene ambiri a iwo nyumba ya njerwa adali asanamangepo chibadwire.

Chimene chidatuluka ndi nyumba yotalika mafiti 106, yotambalala mafiti 30, ndipo msonga ya denga lake ili mafiti 37 kuchokera pansi. Ukaiona kuchokera kumwamba ili ngati mtanda. Kumadzulo kuli nsanja ziwiri, ndipo woyang'anitsitsa adzaona kuti sizofanana. Ine ndimati kumeneku ndiko kusaina kwa ntchito yoganiziridwa ikuchitika. Pambali pa nsanja ya kumwera adamatikapo kansanja kena kobulungira, ka makwerero ozungulira m'kati mwake. Pamene manja a mtanda akumana pali denga lobulungira ngati mphika wovundikira, ndipo khoma la kuguwa ndi lozungulira ngati theka la nkhokwe. Kunja kuli michirikizo ya njerwa yokankha makoma kuti asatanuke ndi kulemera kwa denga, monga momwe timachirikizira nthochi yolemedwa ndi mkoko. Limba lidaikidwamo mu 1907, magetsi mu 1912.

Tisaganize kuti ntchitoyi inkachitika dziko lili phee. Mu 1889, makoma akukwera, asilikali a Chipwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto adakwera ndi mtsinje wa Shire namenyana ndi Amagololo a mfumu Mlauli kuno kuchigwa. Mkangano wa Apwitikizi ndi Angerezi wolimbirana dziko lino udafika poopsa. Tchalitchi chidapatulidwa pa 10 Meyi 1891, ndipo mwezi womwewo boma la Britain lidalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake. Ndiye kuti nyumbayi ndi ulamuliro wa atsamunda zidabadwa pamodzi. Ulamulirowo udatha mu 1964, nyumbayo anthu akupemphereramobe.

Sikuti onse adakondwera nayo. Ena a mpingo wa ku Scotland adati Scott wamwaza chuma pomanga chinyumba chodzionetsera, ndiponso kuti mapembedzedwe ake adali ndi miyambo yochuluka yosayenera Apresibateriya. Azungu a minda ndi akuluakulu a boma latsopanolo nawo ankamuona ngati wokondera anthu akuda. Kunena zoona, Scott ankakhulupirira kuti anthu a dziko lino ayenera chinthu chokongola koposa, ndi kuti Azungu ndi eni dziko azipemphera pansi pa denga limodzi. Maganizo omwewo ndiwo adamuchititsa kulemba buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja, chilankhulo chathu cha kuno kuchigwa, limene lidasindikizidwa mu 1892. M'zaka za 1893 ndi 1894 adasankha madikoni achikuda nawapatsa udindo weniweni mu mpingo; ena mwa iwo adali Joseph Bismarck, John Gray Kufa ndi Harry Kambwiri Matecheta. Atatopa ndi zonenezedwa komanso matenda, adachoka mu 1898, ndipo adakamwalirira ku Kikuyu m'dziko la Kenya mu 1907. Atachoka iye, mphamvu zimene madikoni aja adapatsidwa zidachepetsedwa. Matecheta ndi Stephen Kundecha adadzozedwa ubusa mu 1911. Kufa adaphedwa ndi boma mu 1915 pa mlandu wogwirizana ndi John Chilembwe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandilemera ndikamawerenga mbiri imeneyi. Mabuku ambiri amati "Scott adamanga tchalitchi," nangotchula enawo kuti "anthu akuderalo." Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la mafiti 37 silikadasenzedwa ndi mbusa mmodzi. Padali okumba dothi, oponda matope, otunga madzi, otema nkhuni za uvuni, ocheka matabwa, ndi okwera pamwamba pa nsanja za mitengo kukasanja njerwa za denga lobulungira lija. Amisiri a miyala a ku England aja, ngakhale maina awo ambiri adaiwalika, ankasema kachizindikiro kawo pa mwala umene asema, ndipo tizizindikiroto tikuonekabe. Omanga a ku Blantyre chizindikiro chawo ndi khoma lenilenilo. Scott sindimuchotsera ulemu wake. Nzeru ndi kulimba mtima kwake n'zosakayikitsa. Koma ine monga mphunzitsi ndimaona kuti tchalitchichi chidalinso sukulu, mmene Amang'anja, Ayao ndi anzawo ena adaphunzirira chingwe, chikombole ndi uvuni m'zaka zosakwana zitatu.

Lero nyumbayi ili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP, ndipo ili m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa ndi boma. Kuno ku Makhuwira madzi osefukira a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 adatigwetsera makoma ambiri amene adali asanakwanitse ndi zaka khumi zomwe. Nditakwera ku Blantyre madziwo ataphwa, ndidapatukiranso pa mishoni paja, ndipo ndidatha nthawi yaitali nditaima kuseri kwa guwa, ndikuwerenga mizere ya njerwa kuyambira pa maziko.